Nsalu ya Mamita Asanu ndi Awiri

Anabwera Lachitatu, mwezi wa Juni,
chisanu cha ku Joni chitaluma zala zanga
mpaka ulusi kumakana diso la singano.
Zodwa, mtsikana wa ku yunivesite, nsalu yoyera paphewa.
Akuti, Malume, mutisokere pofika Loweruka,
zilembo zikule ngati zitseko,
aziwerenge ali pamwamba pa nsanjika zawo.

Ine ndine telala wa mipindiro ndi mazipi
pakhonde la mu Jeppe,
pakati pa wometa ndi wogulitsa machaja.
Za maiko sindizidziwa.
Chitupa changa chinatha mphamvu chaka chatha;
ndikaona galimoto ya polisi ndimasanduka khoma.

Koma ndalama ndi ndalama. Ndinayala nsalu.

Mawu anandilembera pa katoni:
asilikali asapite, malonda asatsekedwe,
akhale pansi akambirane.
Dziko lomwe ankanenalo sindinalionepo
ngakhale pa mapu a sitandade sikisi.

Kabeya, mlonda wa pageti, anandigwirira nsonga
kuti isagwere m'ngalande.
Ali ndi zala zitatu kudzanja lamanja.
Sindinamufunsepo. Tsikulo ananena yekha:
kwathu anabwera kudzatipulumutsa,
ndi ndege, ndi mabisiketi a ana.
Atachoka tinawerengana opulumukafe m'tchalitchi,
sitinadzaze mabenchi atatu.

Madzulo Mayi Rumbi wa mandasi
anaima n'kumaona sizasi ikudya nsalu yakuda.
Akuti, zilangozi amati n'za akuluakulu.
Wamkulu uti anagonapo pamzere wa mankhwala a shuga?
Amayi anga ndiwo anagona.
Botolo linkachoka kuno pa basi, lokulunga m'sokosi,
ndiye tsiku lina basi inachedwa pachipata.
Sanamalize.
Anandisiyira mandasi awiri, osalipiritsa.

Usiku magetsi anazima.
Ndinapalasa makina ndi phazi, kandulo pambali,
ndikulingalira ntchito yangayi.
Kung'amba n'kamphindi, ngakhale mwana amatha.
Kulumikiza ndiye kumadya msana:
kuyang'anitsitsa mbali ziwiri zosalingana,
kupinda pang'ono uku, pang'ono uko,
pena kumasula ulusi wonse n'kuyambiranso
mwini malaya ali pakhomo kukutukwana kuti wachedwa.

Loweruka ndinati ndingoiperekeza mpaka pakona.
Pakonapo msewu unali tho!
Anamwino, a m'migodi ndi zisoti zawo,
shehe ndi m'busa akupatsirana botolo la madzi.
Mateksi analiza mahutala,
kaya n'kukwiya, kaya n'kuvomereza,
ku Joni sungadziwe.
Nyimbo zinali za Chizulu; ine ndinangotola mayendedwe.

Pamlatho mphepo inaikhutitsa nsalu mimba.
Mnyamata wogwira mtengo wakumanzere anadzandira,
anandiponyera diso,
manja anga anafika ndisanawafunse.
Apolisi anali pomwepo, mzere, zishango waliwali.
Mmodzi anandiyang'ana nthawi yaitali,
malovu anandiuma.
Kenako anakweza maso, milomo ikugwedera:
ankawerenga.

Kalata anailandira pageti bambo wina wa tayi
yemwe sanatchule dzina.
Kaya anaitsegula, kaya anaikapo kapu ya tiyi.
Ndegezo kaya zinyamuka. Sindidziwa.

Chomwe ndidziwa n'chakuti msoko sunaphwasuke.
Ndipo mkati mwa mpindiro wa m'munsi,
momwe Zodwa sanasuzumire,
ndinasokamo ndi ulusi wofiira, tizilembo ngati nyerere,
mawu a kwathu ku Ntaja:
nkhondo siimanga mudzi.

Lolemba ndinabwerera ku mazipi.
Kabeya anadza ndi jekete long'ambika pachigongono,
nsalu yake itatha ngati tsamba louma.
Akuti, ili lokha, ungathe?
Ndinati, khala pansi, tione.